KHUTU LOTSEKEKA NDI CHITHANDIZO CHA KABALUNI

Nyengo yachisanu ikafika m'miyezi ya Juni ndi Julaye, chimfine chimawanda m'midzi ya kwa Champiti monga chimachitira m'boma lonse la Ntcheu. Pambuyo pa chimfinecho anthu ambiri amadandaula kuti khutu lawo latsekeka ngati lalowa madzi. Mawu a anzawo amamveka ngati akuchokera kutali, ndipo pomeza malovu m'khutumo mumathetheka. Kwa anthu ochuluka vutoli limatha lokha pakapita sabata imodzi kapena ziwiri. Koma alipo ena amene khutu lawo limakhala lotsekeka miyezi yambirimbiri, ndipo ena mwa iwo ndi ana a sukulu.

M'Chichewa, mwana wamwano ndi mwana wogontha onse amatchedwa "wosamva". Kawirikawiri mwana amene m'khutu mwake mwadzaza madzi amadzudzulidwa kunyumba kuti ndi wamakani, ndipo kusukulu amayesedwa mbuli, pamene cholakwa chenicheni chili m'kanjira kakang'ono kobisika kuseri kwa mphuno. Madokotala a maiko ena akhala akuyesa kutsekula kanjirako ndi kabaluni kuyambira m'chaka cha 2010. Nkofunika kuti anthu adziwe chimene kabaluniko kamachita, amene kangawathandize, ndiponso amene sikangawathandize konse.

Kapangidwe ka khutu

Khutu lili ndi zigawo zitatu. Choyamba ndi khutu lakunja pamodzi ndi una umene umakathera pa kachikopa kopyapyala kotchedwa ng'oma ya m'khutu. Kuseri kwa ng'omayi kuli kachipinda kodzaza ndi mpweya, mmene muli timafupa titatu tolumikizana. Chigawo chachitatu chili m'kati mwenimweni mwa fupa la mutu, ndipo ndi chopiringizika ngati nkhono. M'menemo ndimo muli mitsempha yotengera mawu ku ubongo. Mawu akagunda ng'oma ija imanjenjemera, timafupa timalandira kunjenjemerako ndi kukupereka m'kati.

Ng'oma imanjenjemera bwino pokhapokha mpweya wa kunja ndi wa m'kachipinda kaja uli wolingana mphamvu. Komatu thupi limamwa pang'onopang'ono mpweya wa m'kachipindako, motero pafunika khomo lolowera mpweya watsopano. Khomo limeneli ndilo kanjira kochokera m'kachipinda kupita kuseri kwa mphuno, pamwamba pa mmero. Madokotala amakatchula Eustachian tube pokumbukira Bartolomeo Eustachi, katswiri wa ku Italy amene adakafotokoza m'zaka za m'ma 1560.

Mwa munthu wamkulu kanjirako ndi kotalika pafupifupi mamilimita 35. Gawo limodzi mwa magawo atatu, la kufupi ndi khutu, lili m'fupa. Magawo awiri a kufupi ndi mphuno ndi a mnofu wolimba wonga wa khutu lakunja. Nthawi zambiri kamakhala kotseka, ndipo kamatsekuka kamphindi kochepa munthu akamameza kapena kuyasamula. Aliyense amene adatsikapo pa galimoto msewu wa Khwekhwerere kupita ku Golomoti akudziwa mmene makutu amatsekekera, ndi mmene amatsekukira akameza malovu. Kutsekukako ndiyo ntchito ya kanjira kameneka. Ntchito zake zina ndi kutulutsa timadzi ta m'kachipinda ndi kutchinga tizirombo ta m'mphuno kuti tisakwere.

Kanjira kakaleka kugwira ntchito

Munthu akayamwa mpweya m'botolo la pulasitiki, botololo limafwamphira m'kati. Chimodzimodzi kanjira kakatupa ndi kukana kutsekuka, mpweya wa m'kachipinda umachepa ndipo ng'oma imakokedwera m'kati. Zikapitirira, m'kachipindamo mumayamba kudzaza madzi, amene pakapita nthawi amalimba ngati ulimbo. Timafupa tija sitingagwedezeke bwino m'madzi otere, choncho munthu amamva movutikira ngakhale khutu silikupweteka. Tizirombo tikalowamo madziwo amasanduka mafinya, khutu limapweteka kwambiri, ndipo ng'oma ikhoza kubooka. Kwa ena ng'oma yokokedwa zaka zambiri imapanga kathumba mmene mumaunjikana khungu lakufa, limene limadya fupa pang'onopang'ono. Nthenda imeneyi imafuna opaleshoni.

Zotupitsa kanjirako ndi chimfine, matenda a m'mphuno, kuyetsemula kobwera ndi fumbi kapena mungu, utsi wa fodya, utsi wa nkhuni m'khitchini mopanda mazenera, ndiponso chilungulira. Ana amavutika koposa chifukwa kanjira kawo ndi kakafupi, pafupifupi theka la ka munthu wamkulu, ndiponso ndi kogona osati kotsetsereka. Tinyama ta kuseri kwa mphuno, timene timakula kwambiri mwa ana, tikhozanso kutseka pakamwa pa kanjirako. Mwana wotere amapumira m'kamwa ndi kuliza mkonono usiku.

Vutoli lili ndi mitundu itatu. Pali kanjira kokana kutsekuka masiku onse. Pali kanjira kamene kamalephera pokhapokha munthu akamatsika phiri, akakwera ndege kapena akamira m'madzi akuya. Ndipo pali kanjira kokhala kotsekuka nthawi zonse, kotero kuti munthu amamva mawu ake ndi kupuma kwake zikulira m'mutu. Izi zimaoneka mwa anthu amene aonda msanga ndi mwa amayi ena apakati. Mtundu wachitatuwu ndi wosiyana ndi iwiri ija, ndipo kuutanula ndi kabaluni nkuonjezera vuto.

Kukula kwa vuto m'boma la Ntcheu

Boma la Ntcheu ndi limodzi mwa maboma amene matenda a makutu adafufuzidwa mosamala. M'chaka cha 2013 ofufuza adapeza ana 752 ovutika kumva m'maboma a Ntcheu ndi Thyolo. Mu 2016 adabwererako ndipo adakumananso ndi ana 307. Mwa ana 184 amene adauzidwa kuti apite ku chipatala, amene adapitadi ndi 102, ndipo amene adalandira chithandizo ndi 33 okha. Mwa ana 244 a msinkhu wa sukulu, 72 sankapita ku sukulu.

M'chaka cha 2018 magulu anayi a ofufuza adayenda m'madera 38 a boma la Ntcheu masiku 24, nayeza anthu 1,080 a zaka 50 ndi kuposerapo. Adapeza kuti anthu 36 mwa 100 alionse ankavutika kumva, ndipo 10 mwa 100 alionse vuto lawo linali lalikulu ndithu. Amene anali ndi makina othandiza kumva sadakwane ngakhale mmodzi mwa 100. Ambiri a iwo vuto lawo linali m'chigawo cha m'kati cha mitsempha, monga zimakhalira ndi ukalamba. Mfundo imeneyi njofunika, pakuti kabaluni sikafika m'chigawo chimenecho. Gogo amene makutu ake atha ndi zaka afunika makina othandiza kumva, osati kutanula kanjira.

Mwa ana nkhani ndi ina. Kafukufuku wa ku Chikwawa amene adasindikizidwa mu 2017 adayeza ana 281 a zaka 4 mpaka 6, ndipo adapeza kuti ana 5 mwa 100 alionse anali ndi khutu lotuluka mafinya kwa nthawi yaitali. Matenda otere amayambira m'kachipinda kaja, ndipo kanjira kosagwira bwino ntchito ndiko kamawatsegulira khomo.

Njira zimene zidayesedwa kale

Kuyesa kutsekula kanjira sikudayambe lero. Antonio Valsalva wa ku Italy, amene adalemba buku la za khutu mu 1704, ndiye mwini dzina la njira yotsina mphuno, kutseka pakamwa ndi kuuzira pang'ono mpaka makutu atatsekuka. Mu 1863 Adam Politzer wa ku Vienna adayamba kupopera mpweya m'mphuno ndi kathumba ka mphira pamene wodwala akumeza madzi. Mu 1954 dokotala wa ku America, Beverly Armstrong, adafalitsa njira yoboola ng'oma ndi kuikapo kapaipi kakang'ono kuti mpweya uzilowera kunja. Kapaipiko kamathandiza msanga, koma kawirikawiri kamatuluka kokha pakapita miyezi 6 mpaka 12, ndipo kanjira kenikeni kamakhala kasanakonzedwe.

Mankhwala opopera m'mphuno amathandiza munthu wa chimfine cha fumbi, koma pa kanjira kotsekeka mphamvu yawo ndi yochepa. Kafukufuku wa ku America wa mu 2011, wa odwala 91, sadapeze kusiyana pakati pa opopera mankhwala enieni ndi opopera madzi opanda mankhwala kwa masabata 6.

Palinso baluni ina yosafuna opaleshoni. Ku England ana 320 a zaka 4 mpaka 11 okhala ndi madzi m'khutu adagawidwa pawiri, ndipo gulu limodzi lidaphunzitsidwa kufufumitsa baluni ndi mphuno katatu pa tsiku. Zotsatira zake zidatuluka mu 2015: patapita miyezi 3, ana 50 mwa 100 a gulu la baluni madzi adawathera, pamene m'gulu linalo anali 38 mwa 100. Baluni imeneyi ndi yopangidwira ntchitoyo, yokhala ndi kamlomo kolowa pamphuno, osati ya pamsika yoseweretsa ana.

Mmene kabaluni kamagwirira ntchito

Njira yatsopano idafotokozedwa koyamba m'chaka cha 2010 ndi madokotala a mumzinda wa Bielefeld ku Germany, motsogozedwa ndi Holger Sudhoff, atayesa pa odwala 8. Mu 2011 Dennis Poe wa ku Boston ndi anzake a ku Finland adalengeza zotsatira za odwala 11.

Wodwala amagonekedwa tulo ndi mankhwala, kapena amachititsidwa dzanzi m'mphuno. Dokotala amalowetsa m'mphuno kachitsulo kokhala ndi nyali ndi kamera kuti aone pakamwa pa kanjira. Kenaka amalowetsa kapaipi kofewa kokhala ndi kabaluni kophwa kunsonga, kotalika mamilimita 16 mpaka 20. Kakalowa m'gawo la mnofu lija amakadzaza ndi madzi a mchere mpaka kalimbe kuposa tayala la galimoto pafupifupi kasanu. Kamakhala chomwecho mphindi 2, ndipo amakaphwetsa ndi kukatulutsa. Palibe chotsala m'thupi, palibenso bala la kunja, ndipo odwala ambiri amabwerera kwawo tsiku lomwelo.

Kabaluniko sikangokulitsa njira monga munthu atanulira nsapato yothina. Ofufuza atayang'ana khungu la m'kanjira ndi makina okulitsa zinthu adaona kuti kabaluni kamafinya khungu lotupa, ndipo pochira pamamera lina lopyapyala. Dokotala salola kabaluni kufika m'gawo la fupa, chifukwa pambali pake pamadutsa mtsempha waukulu wopititsa magazi ku ubongo. Zovuta zimene zaonekapo ndi kukha magazi pang'ono m'mphuno, mpweya kulowa pansi pa khungu la tsaya kapena khosi, ndiponso kanjira kukhala kotsekuka mopitirira. Zambiri mwa izi zimatha zokha.

Zimene kafukufuku wapeza

Popeza khutu lotsekeka limachira lokha kwa anthu ambiri, sikokwanira kungowerenga amene apeza bwino atalandira chithandizo. Ofufuza amagawa odwala pawiri mwa maere, gulu lina lilandire chithandizo chatsopano, lina ayi, kenaka nkuyerekeza. Amayeza ndi makina oonetsa mmene ng'oma ikugwedezekera, ndiponso amafunsa wodwala mafunso 7 okhudza kupweteka, kutsekeka, kulira ndi kuthetheka kwa khutu.

Kafukufuku wamkulu wa mtundu umenewu adachitika ku America ndipo adasindikizidwa mu 2018. Adalowamo odwala 323, onse akuluakulu amene mankhwala adalephera kuwathandiza. Patapita masabata 6, ng'oma idabwerera m'malo mwake mwa odwala 52 mwa 100 a gulu la kabaluni, pamene m'gulu la mankhwala okha anali 14 mwa 100. Amene adati zowavuta zatha anali 56 mwa 100 m'gulu loyamba, ndipo sadakwane 9 mwa 100 m'gulu lachiwiri. Kafukufuku wina wa odwala 60 wa chaka chomwecho adapezanso kuti a kabaluni adapeza bwino koposa. Boma la America lidavomereza kabaluni kwa akuluakulu mu 2016, ndipo bungwe la NICE la ku Britain lidanena mu 2019 kuti umboni ndi wokwanira kuti njirayi izigwiritsidwa ntchito.

Ziwerengerozi ziyenera kuwerengedwa mofatsa. Choyamba, pafupifupi theka la olandira kabaluni ng'oma yawo inali isanabwerere m'malo mwake pa masabata 6 aja. Chachiwiri, wodwala aliyense ankadziwa gulu lake, ndipo munthu amene wachitidwa opaleshoni amafulumira kunena kuti akupeza bwino. Chachitatu, atatha masabata 6 ambiri a gulu la mankhwala adaloledwa kulandiranso kabaluni, motero padalibenso gulu lokwanira loyerekezera nalo patapita chaka. Chachinayi, ndalama za kafukufuku uwiri wonsewu zidachokera kwa makampani opanga mabaluniwo.

Mu 2025 bungwe la Cochrane, limene ntchito yake ndi kusanthula kafukufuku wa ena, lidasonkhanitsa kafukufuku 9 wa odwala 684. Lidapeza kuti kabaluni kakhoza kuchepetsa zovuta m'miyezi 3 yoyamba poyerekeza ndi chithandizo chopanda opaleshoni, koma umboni wake ndi wofooka, ndipo wa miyezi yopitirira pamenepo ndi wofooka koposa. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono nkudekha. Njirayi ili ndi chiyembekezo kwa munthu wamkulu amene khutu lake latsekeka miyezi yoposa 3, amene wayezedwa bwino ndipo zina zonse zalephera. Si mankhwala a khutu lililonse losamva, ndipo siitseka ng'oma yobooka kapena kuumitsa mafinya.

Kabaluni kalikonse kamagwira ntchito pa wodwala mmodzi nkutayidwa, mtengo wake ndi wokwera, ndipo pafunika katswiri wa makutu, mphuno ndi mmero pamodzi ndi zipangizo zake. Akatswiri otere ndi ochepa m'Malaŵi muno. Dr Wakisa Mulwafu atabwera kuchokera ku maphunziro ku Cape Town mu 2007 adakhala yekha zaka zingapo pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Motero chitetezo cha makutu a anthu a kwa Champiti chagona pa zinthu za pafupi.

Zoyenera kuchita pamudzi

1. Mayi ayamwitse mwana bere lokha miyezi 6 yoyamba. Mwana asamwetsedwe ndi botolo atagona chagada, chifukwa mkaka umatha kulowa m'kanjira kaja.

2. Mwana alandire katemera yense ku sikelo. Katemera wa chibayo, amene adayamba kuperekedwa m'Malaŵi mu Novembala 2011, amalimbana ndi tizirombo timene timayambitsanso matenda ena a m'khutu. Katemera wa chikuku nayenso amateteza makutu.

3. Khitchini ikhale ndi potulukira utsi, ndipo mwana asakhalitse kumbuyo kwa mayi pamoto wofuka. Wosuta fodya asasutire m'nyumba.

4. Wachimfine amine pang'onopang'ono, mphuno imodzi pa nthawi. Khutu likatsekeka ameze malovu, ayasamule kapena atafune kanthu. Angathenso kutsina mphuno ndi kuuzira pang'ono, koma osati pamene khutu likupweteka kapena m'mphuno muli mamina a mafinya.

5. M'khutu musalowe nthenga, kamtengo ka machesi, mafuta ophikira kapena madzi a masamba. Zimenezi sizifika pa kanjira, koma zikhoza kuboola ng'oma ndi kulowetsa tizirombo.

6. Khutu lotuluka mafinya lipukutidwe katatu pa tsiku ndi kansalu koyera kopota ngati chingwe cha nyali, lisalowe madzi posamba, ndipo wodwala apite ku chipatala kukalandira mankhwala oyenera.

7. Mphunzitsi akaona mwana wosayankha poitanidwa, kapena wopenyetsetsa pakamwa pa wolankhula, amukhazike kutsogolo ndi kudziwitsa makolo.

Zizindikiro zosafuna kuchedwa

Wodwala athamangire naye ku chipatala tsiku lomwelo ngati kuseri kwa khutu kwatupa ndi kupweteka, ngati khutu lodwala labwera ndi kutentha thupi, mutu waukulu kapena kuuma khosi, ngati nkhope yapindikira mbali imodzi, ngati akuchita chizungulire, kapena ngati khutu laleka kumva mwadzidzidzi. Munthu wamkulu amene khutu limodzi lokha latsekeka kwa milungu yambiri, makamaka ngati pakhosi pali chotupa kapena m'mphuno mukutuluka magazi, ayenera kuonedwa kuseri kwa mphuno, chifukwa nthawi zina chotseka kanjira chimakhala khansa.

Ulendo umayambira kwa mlangizi wa za umoyo wa m'mudzi ndi pa chipatala chaching'ono cha Champiti. Kumeneko wodwala akhoza kutumizidwa ku chipatala cha boma ku Ntcheu, ndipo ngati kuli kofunika, ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre, kumene kuli oyeza kamvedwe ka makutu. Kalata yotumizira wodwala isasungidwe m'thumba. Ana 82 aja amene sadapite ku chipatala pakati pa 2013 ndi 2016 adataya zaka zimene mwana amaphunzira kulankhula ndi kuwerenga.

Mafumu, aphunzitsi, atsogoleri a mipingo ndi makomiti a za umoyo ali ndi udindo wokumbutsa makolo kuti khutu lotuluka mafinya si chizolowezi cha ubwana ayi, koma nthenda yochizika. Pa 3 Malichi chaka chilichonse dziko lonse lapansi limakumbukira za makutu ndi kumva, ndipo tsikuli lingakhale mpata wabwino woyeza ana a m'sukulu za m'deralo. Mwana amene khutu lake latsekeka miyezi 3 asatchedwe wosamva asanaonedwe ndi a chipatala.